Mzinda wa Beira ndi Madzi a M'nyanja: Chifukwa Chake Nkhaniyi Itikhudza

Usiku wa pa 14 Malichi chaka cha 2019, namondwe wotchedwa Idai anagwa pa mzinda wa Beira ku Mozambique. Anthu oposa 1,000 anafa m'maiko a Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Tifuna kulongosola pano chifukwa chake mzindawu uli pangozi, zimene anthu ake achita pofuna kudziteteza, ndiponso m'mene tsoka lawo lifikira ife okhala kutali ndi nyanja yamchere.

Poyamba tione malo ake. Beira, mzinda wa anthu oposa 500,000, anamangidwa pamadambo pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya Indian. Madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo kumeneko kusiyana kwake kumafika mamita 6. Akakwera chotero, madera ena a mzinda amakhala munsi mwa madziwo. Mvula ikagwa pa nthawi imeneyo, ngalande zimasowa kothira, pakuti madzi sakwera phiri. Tsono popeza dziko lapansi likunka litentha, nyanja ikukwera pang'onopang'ono, ndipo mpweya wotentha umanyamula chinyezi chochuluka. Motero anamondwe amadza ndi mvula yoposa kale.

Kachiwiri, tione zimene zachitika. Pa utsogoleri wa meya Daviz Simango, amene anamwalira mu 2021, mzindawu unakonza dongosolo la chitukuko lofika chaka cha 2035 mothandizidwa ndi akatswiri a ku Netherlands. Ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ngalande zazikulu zinakonzedwanso, naikidwa zipata zotseka madzi a m'nyanja akakwera ndi kutsegula akatsika. Anakumbanso dziwe losungiramo madzi a mvula podikira kuti zipata zitseguke. Kamtsinje ka Chiveve, kamene kanali katatsekeka ndi zinyalala, kanatsegulidwa ndi chithandizo cha dziko la Germany, ndipo m'mbali mwake munasungidwa mitengo ya mangrove, imene imamera m'matope a madzi amchere ndi kugwira nthaka.

Idai anayesa ntchito imeneyi. Kumene kunali ngalande zatsopano madzi anaphwa msanga. Koma mphepo inasasula madenga ambirimbiri, chigwa cha mtsinje wa Buzi chinasanduka nyanja, ndipo kolera inabuka pambuyo pake. Apa tiphunzira kuti ngalande pa zokha sizikwanira. Pafunikanso denga lomangidwa molimba, chenjezo lofika msanga, madzi akumwa aukhondo, ndi malo okwera othawirako. Ndipo amene amavutika koposa ndi osauka, chifukwa ndiwo amamanga m'zithaphwi m'mene malo ali otsika mtengo.

Kachitatu, nkhani ya chuma. Doko la Beira ndilo khomo la maiko opanda nyanja. Mafuta a galimoto a ku Zimbabwe amadzera m'paipi yochokera ku Beira kufika ku Feruka, pafupi ndi Mutare. Gawo lalikulu la mafuta ndi feteleza wa ku Malawi limatsikira padoko lomwelo. Akuluakulu athu akumbukira m'mene mitengo ya zinthu inakwerera m'zaka za m'ma 1980, nkhondo itadula njanji ya ku Beira. Namondwe angathe kuchita m'usiku umodzi zimene nkhondo inachita. Chomwecho doko likaima, mlimi wa ku Ntcheu kapena ku Mulanje amamva ululu wake pa mtengo wa thumba la feteleza.

Vuto lotsala ndi ndalama. Pa msonkhano wa opereka chithandizo umene unachitikira ku Beira mu 2019, boma la Mozambique linati pafunika madola 3.2 biliyoni, malonjezo anafika 1.2 biliyoni okha. Mu Januwale 2021, anthu asanamalize kumanga, namondwe Eloise anagwanso pafupi ndi mzindawu.

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Ngati maiko angapo amadya za padoko limodzi, nkoyenera kuti atengeko mbali pa kuliteteza. Ndipo ngati doko libweretsa phindu, gawo la phindulo liyenera kufika m'madera a anthu amene amatsitsa katundu m'sitimazo. Ambiri a inu mudzatumikira anthu a m'zigwa za Shire ndi Zambezi. Mukadzaona malo omangapo sukulu kapena chipatala, yambani mwafunsa akuluakulu a m'mudzi pamene madzi analekeza chaka cha chigumula.