Zimene zili kumbuyo kwa khosi

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo kulemerako kumapendekera kutsogolo. Chouletsa kugwera pachifuwa ndi minofu yochokera pankhongo kutsikira kumapewa. N'chifukwa chake munthu akamaodzera, minofuyo n'kulefuka, mutu umagwa chakutsogolo. Mayi wa ku Nsaru akasenza ndowa ya malita 20 amawonjezerapo makilogalamu 20, ndipo nkhata imakhazika katunduyo paliwombo kuti atsikire m'mafupa, minofu ingowongolera.

Ophunzira udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Blantyre, amaona zimenezi pathupi la womwalira, motsatira lamulo la Anatomy Act. Thupilo amaligoneka chafufumimba, n'kucheka khungu pakati kuyambira pakafupa kotumphuka pankhongo. Akadutsa mafuta amapeza trapezius, mnofu wotambalala wokweza mapewa. Kunsi kwake kuli splenius wotembenuza mutu, kenako semispinalis wokhuthala, woweramutsa mutu. Mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zimalekanitsidwa ndi chingwe cholimba, ligamentum nuchae. Pang'ombe chingwechi n'chachikulu, chachikasu, chija chimakanika kutafunika ngakhale nyama itapsa bwanji.

Pofunika dzanja lodekha ndi pansi penipeni, m'munsi mwa chibade. Pamenepo timinofu titatu timapanga kampata ka ngodya zitatu, ndipo m'kampatamo mumadutsa mtsempha wa magazi wa vertebral, umene umakhota pamwamba pa fupa loyamba n'kulowa m'chibade kukadyetsa ubongo wa kumbuyo.

Mafupa a khosi alipo 7. Loyamba, atlas, limanyamula chibade ndipo pamenepo m'pogwedezera mutu povomera. Lachiwiri, axis, lili ndi kamsomali kamene atlas amazungulirapo tikamapukusa mutu. Lachisanu ndi chiwiri ndi lija limatumphuka tikawerama. M'kati mwa onsewa mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, wolamulira manja, miyendo ngakhalenso kupuma.

Apa m'pamene pagona ngozi. Munthu akagwa pakabaza kapena pangolo n'kumadandaula khosi, musamudzutse kapena kumuwongola, chifukwa fupa lothyoka likasuntha lingadule mtsemphawo, iye n'kufa ziwalo. Gwirani mutu wake usagwedezeke, mumunyamulire pathabwa. Khosi likauma popanda ngozi, thupi likutentha ndiponso mutu ukuwawa kwambiri, angakhale matenda oumitsa khosi. Wodwalayo asagone kunyumba: apite kuchipatala, kaya ku Kabudula kapena ku St Gabriel ku Namitete, tsiku lomwelo.