Sankhani pulambala monga msodzi asankhira wosema bwato

Madzi akamatuluka ofiirira pampopi m'mawa, khoma la kubafa likamanyowa kunja kulibe mvula, bilu ya Northern Region Water Board ikamakwera pomwe banja silinakule, dziwani kuti mapaipi atopa. Mapaipi achitsulo a m'nyumba zakale amachita dzimbiri m'kati, njira ya madzi n'kumachepa, kenako amabooka polumikizira. Bungwe la madzi limasamala mapaipi ake kulekezera pamita. Kuchoka pamenepo kulowa m'nyumba udindo ndi wanu, ndipo madzi onse otayikira pansi mumalipira ndinu.

Ndiye ntchito yosintha mapaipiwa mungaipereke kwa yani? Pano ku Karonga tili ndi aphunzitsi abwino pa nkhaniyi: asodzi a ku Ngara, ku Kaporo ndi ku Chilumba. Bwato ntchito yake n'kuletsa madzi kulowa, paipi ntchito yake n'kuletsa madzi kutuluka. Zonse ziwiri zimaoneka bwino zili zatsopano, ndipo chinyengo cha mmisiri chimadziwika mochedwa, wina ali pakati pa nyanja, wina atapaka kale pulasitala ndi penti.

Choyamba, msodzi akafuna bwato safunsa wosema kuti, "Kodi mumatha?" Amapita padooko kukafunsa anzake omwe akupalasa mabwato a mmisiriyo. Inunso uzani pulambala akutchulireni nyumba ziwiri kapena zitatu zomwe anagwirako ntchito chaka chatha kapena zaka ziwiri zapitazo, osati sabata yatha. Pitani mukacheze ndi eni ake. Kodi anamaliza pa nthawi yake? Pamene panadontha, atamuimbira foni anabwera? Safunsa anadya phula. Muonenso mapepala ake, kaya ndi a TEVETA, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, kaya ndi a Trade Test. Pepala palokha silimanga paipi, koma mmisiri weniweni sakwiya mukamufunsa.

Chachiwiri, msodzi amayamba wadziwa mtengo womwe bwato lake lisemedwe, chifukwa mtengo wofewa suchedwa kuwola. Mapaipinso ali ndi mitundu. Akuda a HDPE amabwera okulungidwa, amapindika ndipo safuna zolumikizira zambiri, choncho ndi oyenera pansi pa nthaka kuchoka pamita kufika panyumba. Zimenezi n'zofunika kuno, kumene nthaka imagwedezeka. Tonse tikukumbukira zivomezi za mu Disembala 2009 zomwe zinang'amba makoma ndi kugwetsa nyumba. Paipi yowuma gwa, yodzaza ndi zolumikizira, sipirira nthaka ikasuntha. Mapaipi a PVC ndi a madzi ozizira okha, ndipo akasiyidwa pamtetete, dzuwa la kunyanja kuno limawaumitsa mpaka kuthetheka. A PPR, omwe kawirikawiri amakhala obiriwira, amapirira madzi otentha a giza, koma amalumikizidwa ndi makina otenthetsera. Mukaona mmisiri akuwotcha paipi pamoto wa mapepala kuti ilowe mu inzake, imitsani ntchito pomwepo.

Pulambala wokhulupirika amayendera nyumba yonse asanatchule mtengo, kenako amalemba kotesheni: mtundu wa mapaipi, kukula kwake, kuchuluka kwake, ndi ndalama ya ntchito payokha. Pokagula zipangizo, kaya m'mashopu a m'tauni muno, kaya ku Mzuzu, kaya kutsidya kwa Songwe ku Kyela, pitani naye kapena akubweretsereni malisiti. Paipi yopyapyala ndi yokhuthala zimafanana mukaziona patali, koma zolembedwa pambali pake zimanena mphamvu ya madzi yomwe ingapirire. Yemwe watchula mtengo wotsika kwambiri kuposa anzake onse, mufunseni kuti wachotsapo chiyani.

Chachitatu ndicho chachikulu. Palibe msodzi amamaliza kulipira bwato lisanalowe m'madzi. Amalikankhira m'nyanja, n'kukhalamo, n'kuyang'ana ngati pansi pakunyowa. Inunso musalole kuti ngalande ikwiriridwe kapena khoma limatidwe simenti madzi asanayesedwe. Tsegulani madzi adzaze mapaipi onse, tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pamita, dikirani maola angapo. Manambala akasuntha, penapake pakudontha. Yendani m'ngalande monse mukugwira polumikizira paliponse ndi dzanja louma. Mmisiri wofulumira kukwirira ali ndi chomwe akubisa.

N'chifukwa chake ndalama isamaperekedwe yonse poyamba. Gwirizanani magawo: ya zipangizo, ina ntchito ikafika pakati, yotsala madzi akayesedwa. Zonsezi zilembedwe, musayinirane pamaso pa mboni, ndipo mulembenso miyezi yomwe iye adzabwere kudzakonza ulere pakadontha. Wina akakunong'onezani kuti angathe kulambalalitsa paipi kuti madzi asadutse pamita, mutsanzikeni. Kumeneko ndi kuba madzi, mlandu wake udzagwera inu mwini nyumba, ndipo wobera bungwe sangalephere kuberanso inu.

Ngalande isanatsekedwe, jambulani ndi foni njira yonse yomwe mapaipi adutsa, musunge zithunzizo pamodzi ndi malisiti. Tsiku lomwe mudzafune kuwonjezera chipinda kapena kukumba dzenje, khasu silidzadula paipi, ndipo mmisiri wobwera pambuyo sadzagumula khoma lonse pofunafuna malo amodzi.