Kubwereka Galimoto ya Mnzako ku Britain Pophunzira Manual: Nkhani ya Inshuwalansi ya Masiku Ochepa

Ku Britain munthu akhoza kuyendetsa galimoto zaka zisanu, layisensi ili m'thumba, osachitapo ngozi, koma n'kukhalabe wosaloledwa kuyendetsa yekha galimoto yosintha magiya ndi dzanja, imene ambiri amangoti manual. Izi zimachitika ngati mayeso ake anawalembera pa galimoto ya otomatiki. Bungwe la DVLA, limene limapereka malayisensi kuchokera ku Swansea, limalemba nambala 78 kuseri kwa khadi la munthu wotere, ndipo wapolisi aliyense akaiona amadziwa kuti mwini khadiyo malire ake ndi otomatiki.

Ambiri amayamba ndi otomatiki chifukwa chofulumira. Ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo, imene abale athu ambiri amagwira kumeneko, imafuna galimoto msanga, ndipo munthu safuna kutaya miyezi akulimbana ndi klatchi. Koma pakapita nthawi manual imayamba kufunika. Mavani ambiri a ntchito ndi a manual, magalimoto akale otsika mtengo nawonso ambiri ndi a manual, ndipo amene akuganiza zodzabwerera kumudzi amadziwa kuti pikapu ya pamunda sikhala ya otomatiki kawirikawiri. Mlangizi wa sukulu yoyendetsa amalipiritsa pa ola, ndiye maganizo amene amabwera msanga ndi obwereka galimoto ya mnzako Loweruka masana n'kukazolowetsa phazi lakumanzere.

Mwini galimoto akavomera, ambiri amaona ngati nkhani yatha. Kwathu tinazolowera kuona inshuwalansi ngati chinthu cha galimoto: wapolisi wapamsewu amayang'ana chomata pagalasi lakutsogolo, akaona kuti masiku ake sanathe, amakuuzani kuti pitani. Ku Britain funso limakhala lakuti munthu amene wagwira chiwongolero panthawiyo ndi wololedwa ndi inshuwalansiyo kapena ayi. Chikalata chake chimatchula anthu amene angayendetse galimotoyo, ndipo nthawi zambiri amakhala mwini wake yekha, mwina ndi mkazi kapena mwamuna wake. Ngati dzina lanu mulibe, ndiye kuti mukuyendetsa opanda inshuwalansi, ngakhale mwini galimoto atakhala pambali panu, ngakhale iye atalipira inshuwalansi yodula kuposa zonse.

Lamulo lokakamiza inshuwalansi linayamba ku Britain mu 1930, ndipo lero lili mu gawo 143 la Road Traffic Act 1988. Wopezeka akuyendetsa popanda inshuwalansi amalipira mapaundi 300 ndi kulembedwa mapointi 6 pa layisensi, ndiye chilango chochepetsetsa chimenecho. Nkhani ikafika kukhoti, chindapusa chilibe malire, ndipo woweruza akhoza kuletsa munthuyo kuyendetsa. Apolisi ali ndi mphamvu yolanda galimoto pomwepo. Mlanduwo umalembedwa ndi chizindikiro cha IN10, chimene chimakhala pa mbiri ya layisensi zaka 4, ndipo makampani a inshuwalansi amafunsa za milandu ya zaka 5 zapitazo, choncho mtengo umakhala wokwera chaka ndi chaka. Kwa amene wangokhoza mayeso, mapointi 6 m'zaka 2 zoyambirira amafafanizitsa layisensi yonse, n'kuyambanso mayeso pachiyambi. Mwini galimoto naye sapulumuka: kulola munthu wopanda inshuwalansi kuyendetsa galimoto yako ndi mlandu pawokha, wa mapointinso. Chifundo cha tsiku limodzi chikhoza kuwononga ntchito za anthu awiri.

Choyamba, dziwani kuti lamulo likukuonani ngati ndani

Musanayambe kufufuza mitengo, tulutsani layisensi yanu muione bwino, chifukwa mtundu wa inshuwalansi umene mungagule umadalira pamenepo.

Amene ali ndi layisensi yonse ya Britain yopanda nambala 78 ndi wololedwa kale kuyendetsa manual, kungoti mwina phazi linaiwala. Ameneyu safuna womuyang'anira, safuna chikwangwani cha L cha wophunzira. Chimene akusowa ndi inshuwalansi basi. Nkhani yake ndi yophweka.

Wa nambala 78 ndiye amasokonezeka kwambiri, chifukwa amadziona ngati dalaivala weniweni. Akalowa m'galimoto ya manual, lamulo limamuona ngati wophunzira. Ayenera kumata L wofiira kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto, kapena D ngati ali ku Wales ndipo akufuna kutero. Pambali pake payenera kukhala womuyang'anira wazaka zosachepera 21, amene wakhala ndi layisensi yonse kwa zaka 3, ndipo layisensiyo ikhale yolola manual. Mnzanu wa otomatiki sangakuyang'anireni pa manual. Woyang'anirayo asagwire foni, asakhale atamwa mowa, ndipo asalandire malipiro pokhapokha ngati ndi mlangizi wovomerezeka ndi bungwe la DVSA. Pa msewu waukulu wa motorway wophunzira saloledwa, kupatula ngati ali ndi mlangizi wovomerezeka m'galimoto yokhala ndi mabuleki mbali zonse ziwiri, chilolezo chimene chinayamba mu 2018. Chabwino chake n'chakuti wa nambala 78 salembanso mayeso a pakompyuta; amangoyesedwa kuyendetsa pa manual. Amene ali ndi layisensi ya wophunzira, yobiriwira ija, malamulo ake ndi omwewa.

Palinso amene wangofika kumene ndi layisensi ya ku Malawi kapena ku Zambia. Lamulo limamulola kuyendetsa kwa miyezi 12 kuchokera pamene anayamba kukhala ku Britain, kenako ayenera kukhoza mayeso a kumeneko. Layisensi ya ku Zimbabwe ndi ya ku South Africa ikhoza kusinthidwa n'kukhala ya ku Britain popanda mayeso, koma ya ku Malawi ndi ya ku Zambia ayi. Vuto la munthu ameneyu n'lakuti makampani ambiri a inshuwalansi ya masiku ochepa salandira layisensi za mayiko akutali, ngakhale lamulo likumulola kuyendetsa. Njira imene imamutsalira kawirikawiri ndi kupempha mwini galimoto kuti aimbire kampani yake n'kumuwonjezera.

Njira ziwiri, ndi imodzi yonyenga

Kuwonjezedwa pa inshuwalansi ya mwini galimoto ndi njira yakale. Imagwira ntchito, koma ili ndi mbola. Ku Britain dalaivala akatha chaka popanda kupempha chipukuta misozi, amachotseredwa mtengo chaka chotsatira, ndipo kuchotseraku kumakula zaka zikamachuluka. Amakutcha no claims bonus, ndipo anthu amakusamala ngati mbewu yosungira dzinja. Mukagunda chipata muli pa inshuwalansi ya mnzanu, bonasi imene imadulidwa ndi yake, ndipo azilipira zambiri kwa zaka zingapo chifukwa cha Loweruka lanu limodzi.

Inshuwalansi ya masiku ochepa inabwera kudzathetsa vuto limeneli. Ndi mgwirizano wapadera, wa dzina lanu, pa galimoto ya mnzanuyo, kwa nthawi imene mwasankha: ola limodzi, tsiku, sabata, ndipo makampani ambiri amafika masiku 28. Ya ophunzira imatha kutalika mpaka miyezi ingapo. Makampani monga Tempcover, Dayinsure, Cuvva ndi Veygo amagulitsa pa intaneti kapena pafoni, ndipo Marmalade ndi Collingwood amadziwika ndi ya ophunzira. Mumalemba nambala ya galimoto, nambala ya layisensi, adiresi ndi mbiri yanu yoyendetsa, ndipo chikalata chimabwera pa imelo m'mphindi zochepa. Ngozi ikachitika, chipukuta misozi chimachokera ku inshuwalansi yanu, bonasi ya mwini galimoto osakhudzidwa. Nthawi zambiri imakhala ya mtundu wa comprehensive, kutanthauza kuti imalipira zowonongeka za ena komanso za galimoto imene mwabwerekayo. Mukawerengera mtengo wa tsiku limodzi ndi wokwera poyerekeza ndi inshuwalansi ya chaka, koma kwa munthu wofuna masana angapo okha, ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo njira yaulemu kwa wobwereketsa.

Werengani zofunika zake, chifukwa zimasiyana. Ya ophunzira kawirikawiri imafuna kuti galimotoyo ikhale kale ndi inshuwalansi ya chaka ya mwini wake. Makampani ena safuna woyang'anira wosakwana zaka 25, ngakhale lamulo likunena 21. Ndipo wa nambala 78 afunse mwachindunji asanalipire, pakuti si kampani iliyonse imene imalandira munthu wa layisensi ya otomatiki wophunzira manual. Mukagula ya dalaivala wamba n'kubisa zimenezi, tsiku la ngozi kampani ikhoza kukana kulipira.

Njira yonyenga ndi mawu amene mumamva kawirikawiri akuti, “Inshuwalansi yanga ndi comprehensive, ndingayendetse galimoto iliyonse.” Kale zinali zofala kuti inshuwalansi yotere izilola mwini wake kuyendetsa magalimoto a ena, koma lero si yonse imene imatero, ndipo achinyamata osakwana zaka 25 nthawi zambiri sapatsidwa. Ngakhale chilolezocho chilipo, chimangolipira zowonongeka za anthu ena. Galimoto ya mnzanu ikaphwanyika, mutulutsa za m'thumba.

Zimene inshuwalansi silipira

Apa ndi pamene maubwenzi amathera. Inshuwalansi zambiri zili ndi gawo limene inu mumayamba kulipira kampani isanaike zake, lotchedwa excess, ndipo pa ya masiku ochepa limatha kufika mapaundi mazana angapo. Ngozi za wophunzira zambiri ndi zazing'ono: kukanda bampala, kuthyola galasi lam'mbali, kugunditsa tayala m'mphepete mwa msewu. Mtengo wokonza zoterezi nthawi zina sufika n'komwe pa excess, ndiye kuti zonse ndi zanu.

Chachikulu ndi klatchi. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali mbale yokutidwa ndi zinthu zokhakhala, imene masipuling'i amaikanikiza ku chitsulo chozungulira cha injini. Mukaponda klatchi, mbaleyo imalekana ndi chitsulocho ndipo mumasintha giya. Mukamachotsa phazi pang'onopang'ono, imayamba kukhudza, kukhulana kwakanthawi, kenako n'kugwira. Kuphunzira manual konse kwagona pa kupeza malo amene mbaleyo imayambira kugwira. Wophunzira amachedwa pamalo amenewo, akuponda moto kwambiri poopa kuti injini izima, makamaka ponyamuka pachitunda. Mbale imatentha, fungo lopserera limalowa m'galimoto, ndipo kukhakhala kwake kumatha msanga. Ena amayenda phazi lili chigonere pa klatchi osadziwa, ena amaimitsa galimoto pachitunda ndi klatchi m'malo mwa handibuleki. Kwa kampani ya inshuwalansi, zonsezi ndi kutha kwa chitsulo chifukwa chogwiritsa ntchito, osati ngozi, ndipo salipira ngakhale khobidi. Kusintha klatchi ndi ntchito ya maola ambiri chifukwa makaniko ayenera kutsitsa giyabokosi, choncho bilu yake ndi ya mapaundi mazanamazana. Choipa china n'chakuti klatchi ikhoza kuyamba kuterereka patapita milungu, wobwereka atabweza kale makiyi, ndiye aliyense amaloza mnzake. Kambiranani musananyamuke: excess alipira ndani, klatchi ikafa mugawana bwanji. Kukamba za ndalama ndi mnzako kumachititsa manyazi, koma kukangana pagalaja n'koipa kuposa pamenepo.

Ena amati akaphunzirira pamalo oimika magalimoto a supamaketi usiku, inshuwalansi siifunika. Lamulo limanena za msewu kapena malo ena alionse ofikako anthu wamba, ndipo malo oterowo ali m'gulu limenelo.

Apolisi amagwiritsa ntchito makamera owerenga manambala a magalimoto, amene amafananitsa nambalayo ndi kaundula wa inshuwalansi wosungidwa ndi Motor Insurers' Bureau. Inshuwalansi yogulidwa m'mawa womwewo mwina siinalowe m'kaundulamo, choncho sungani chikalata chake mufoni. Onaninso pa tsamba la boma la gov.uk kuti galimotoyo ili ndi MOT, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera pamsewu, komanso msonkho zamoyo; pamafunika nambala yake yokha. Chenjerani ndi anthu otsatsa inshuwalansi yotchipa modabwitsa pa WhatsApp ndi Facebook. Apolisi amawatcha ghost brokers, ndipo amakonda kusaka alendo ongofika kumene. Amagulitsa zikalata zabodza, kapena amagula inshuwalansi yeniyeni ndi mbiri yonama, kapena amaithetsa mukangolipira. Wogulitsa inshuwalansi woona amapezeka m'kaundula wa Financial Conduct Authority, umene aliyense angaone pa intaneti kwaulere.

Nthawi yothera inshuwalansi ya masiku ochepa imalembedwa mpaka mphindi yake, ndipo palibe nthawi yowonjezera. Ikatha 5 koloko muli mumzere wa magalimoto, imani pamalo abwino, muwonjezere nthawi pafoni kapena mumupatse mwini wake chiwongolero. Ya ophunzira imatha nthawi imene woyesa wanena kuti mwakhoza, choncho ngati mwapita ku mayeso ndi galimoto ya mnzanu, pobwerera ayendetse ndi iyeyo, kapena mugule inshuwalansi ina musanatuluke pachipata.