Akakukanani Ntchito, Samalani Moyo Wanu

Mwina munachoka ku Zóbuè kapena ku Angónia n'kukafikira kwa achibale ku Chimadzi, mumzinda wa Tete. Mwasiya makalata m'makampani, koma yankho ndi limodzi: malo palibe.

Sikuti ndinu olodzedwa ayi. Mgodi wa malasha wa ku Moatize, umene Vale inatsegula mu 2011 n'kuugulitsa kwa Vulcan mu 2022, umadalira makina akuluakulu, choncho umafuna anthu aluso. Ofuna ntchito ndi ambiri kuposa malo.

Dziwani kuti kukanidwa kumadwalitsa. Munthu amasowa tulo, chakudya sichikoma, amangopsa mtima. Kachasu amangowonjezera vutolo. Zizindikirozi zikapitirira masabata awiri, pitani kuchipatala. Maganizo odzipha akakubwererani, uzani wachibale kapena namwino tsiku lomwelo.

Kenako dzukani. Konzani BI ndi NUIT yanu, kalembetseni ku ofesi ya zantchito ya INEP, ndipo kafunseni za maphunziro a zamagetsi kapena kuwotcherera zitsulo ku IFPELAC. Wina akakuuzani kuti mupereke ndalama kuti akulembeni ntchito, m'kaneni, ameneyo ndi wakuba.

Kumbukirani, abale, kuona maso a nkhono n'kudekha.