Kodi Nkhani Zopeka Zimaphunzitsa Ana Athu Chiyani za Ulumali ndi Matenda?

Mwana amayamba kuganiza za ulumali asanakumane ndi munthu woyendera njinga ya olumala, chifukwa amakhala atakumana naye kale m'mabuku ndi m'mafilimu. Ndi bwino kuti makolo adziwe zimene nkhani zopeka zimanena, popeza tsiku lina matenda kapena ngozi idzafika m'banja mwathu, ndipo zimene ana anaphunzira kumeneko zidzaonekera.

Chizindikiro cha munthu woipa

Olemba ambiri amagwiritsa ntchito chilema ngati chizindikiro cha mtima woipa. M'buku la Treasure Island la Robert Louis Stevenson, lomwe linatuluka mu 1883, mtsogoleri wa achifwamba a panyanja, Long John Silver, ali ndi mwendo umodzi. M'sewero la Peter Pan la J. M. Barrie la mu 1904, mdani wa ana, Captain Hook, ali ndi chitsulo chokhota m'malo mwa dzanja. Mu 2003, Dan Brown analemba The Da Vinci Code, ndipo wakupha anthu m'bukuli, Silas, ndi munthu wachialubino.

Kwa ife ku Malawi, nkhaniyi ndi yoopsa. Tikudziwa kuti anthu achialubino aphedwa ndipo manda awo afukulidwa chifukwa cha zikhulupiriro zabodza zokhudza ziwalo zawo. Nkhani iliyonse yosonyeza kuti khungu kapena thupi la munthu limaulula zinthu zachilendo zobisika mwa iye imangowonjezera nkhuni pa moto umene ukuyaka kale.

Kuchira mwadzidzidzi

Nkhani zina zili ndi cholinga chabwino, koma zimatha ndi machiritso osavuta. M'buku la Heidi la Johanna Spyri, lolembedwa mu 1880 ndi 1881, mtsikana wodwala dzina lake Clara amapita kumapiri a ku Switzerland. Mnyamata woweta mbuzi, Peter, amakankhira njinga yake kuphompho chifukwa cha nsanje, ndipo posakhalitsa Clara amayamba kuyenda. M'buku la The Secret Garden la Frances Hodgson Burnett la mu 1911, mnyamata Colin amadzuka ndi kuyenda atayamba kusewera m'munda.

Mpweya wabwino, dzuwa, chakudya choyenera ndi chimwemwe zimathandizadi thupi. Koma mwana amene mtsempha wa msana wake unaduka pa ngozi sangayende chifukwa cha zimenezi zokha. Akamawerenga nkhani zoterezi nthawi zonse, amatha kuganiza kuti vuto ndi iyeyo, kuti sakulimbikira mokwanira kapena chikhulupiriro chake ndi chochepa. Pa Yohane chaputala 9, Yesu anatsutsa ophunzira ake pamene anaganiza kuti munthu wobadwa wosaona anali choncho chifukwa cha tchimo lake kapena la makolo ake.

Imfa ngati yankho

Mtundu wovuta kwambiri ndi wa nkhani zimene zimaonetsa imfa ngati chifundo. M'buku la Me Before You la Jojo Moyes la mu 2012, Will Traynor, mwamuna wolemera, amapuwala manja ndi miyendo atagundidwa ndi njinga yamoto. Mtsikana womusamalira, Louisa Clark, amamukonda, komabe Will amapita ku Switzerland kukathetsa moyo wake mothandizidwa, n'kumusiyira Louisa ndalama. Filimu yake itatuluka mu 2016, anthu aulumali a gulu la Not Dead Yet anachita zionetsero ku London. Iwo ankadandaula kuti filimuyi ikuuza dziko kuti moyo wa munthu wopuwala ulibe phindu, ndipo okondedwa ake angapeze ufulu iye akamwalira.

Ofufuza apeza zosiyana ndi zimenezi. Mu 1999, Gary Albrecht ndi Patrick Devlieger anafunsa anthu 153 aulumali ku America, ndipo oposa theka mwa amene anali ndi ulumali waukulu ananena kuti moyo wawo uli bwino kapena uli bwino kwambiri. Miyezi yoyamba pambuyo pa ngozi imakhala yowawa, ndipo ena amataya mtima mpaka kudwala matenda a maganizo. Koma matenda amenewa ali ndi chithandizo, ndipo anthu ambiri amazolowera moyo watsopano akakhala ndi abale, ntchito ndi anzawo owaganizira.

Nkhani imene imanena zoona

Leo Tolstoy anaonetsa matenda moona m'buku la The Death of Ivan Ilyich la mu 1886. Ivan, woweruza milandu ku Russia, amavulala m'nthiti atagwa pamene ankapachika makatani m'nyumba yake yatsopano, ndipo matenda amakula pang'onopang'ono. Mkazi wake, madokotala ndi anzake amachita ngati iye achira. Bodza limeneli limamupweteka kuposa ululu wa m'thupi. Amene amamutonthoza ndi wantchito wake Gerasim, yemwe samubisira kuti akumwalira, amamusamalira mosanyansidwa, ndipo usiku amanyamula miyendo ya Ivan pamapewa ake kuti ululu uchepe. Ivan sachira, koma sasiyidwa yekha. Aliyense amene anadwazikapo kholo kapena mwana kwa miyezi amazindikira kuti zimenezi ndi zoona.

Zimene mungachite pakhomo

Mukamawerenga kapena kuonera filimu ndi ana anu, afunseni kuti: munthu waulumali m'nkhaniyi ali ndi zofuna zake, nthabwala zake ndi anzake, kapena waikidwamo kuti ena amumvere chisoni? Akanapanda kuchira, nkhaniyi ikanatha bwanji? Kodi pali wina kumpingo kapena kusukulu amene ali ngati iyeyu, ndipo moyo wake ukufanana ndi zimene taonazi?

Ngati m'nyumba mwanu muli wodwala amene wayamba kunena kuti ndi katundu kwa inu, kapena kuti ndi bwino atafa, musatenge mawuwo ngati kudandaula wamba. Khalani naye pansi, mumvetsereni mopanda kumudzudzula, chotsani mankhwala ndi zinthu zoopsa pafupi naye, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.