Kodi klorini wakwana m'madzi anu akumwa?

Amayi ndi abambo a kuno ku Milange, mukukumbukira mmene kolera inavutira m'chigawo cha Zambezia namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023. Mabanja ambiri tsopano amathira Certeza m'madzi, ena WaterGuard wa ku Malawi. Zimenezi n'zabwino, koma muyeso uyenera kukhala woyenera. Klorini akachepa, tizilombo sitifa. Akachuluka, madzi amanunkha, ndipo ana amawakana n'kukamwa a kumtsinje.

Thirani kachivindikiro kamodzi ka botololo m'chigubu cha malita 20. Ngati madziwo ali a matope, asiyeni adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenako muthire tizivindikiro tiwiri. Khutchumulani chigubucho, dikirani mphindi 30, ndipo mukatero imwani.

Fungo silingakuuzeni ngati klorini wakwana. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amayenda ndi kabokosi koyezera. Amathiramo madzi anu n'kuponyamo piritsi lotchedwa DPD. Ngati muli klorini, madziwo amasanduka a pinki, ndipo amawayerekeza ndi mitundu yojambulidwa pa kabokosiko. Pakatha mphindi 30 payenera kuoneka 0.5, kutanthauza theka la miligalamu pa lita imodzi. Mawa lake nambalayo isatsike kupitirira 0.2.

Choyezera nachonso chimanama chikapanda kusamalidwa. Pogulitsa nandolo mumayamba mwaona kuti sikelo ili pa ziro. Makina oyezera klorini a mabatire ndi chimodzimodzi: mlangizi amayamba waikamo kabotolo kopukutidwa bwino ka madzi anu opanda piritsi, n'kuwatchera pa ziro. Kabokosi kaja katsukuluzidwe katatu ndi madzi omwewo. Piritsi lisagwidwe ndi zala, lisakhalenso lotha ntchito. Mtundu uwerengedwe powala, pasanathe mphindi imodzi, chifukwa ukakhalitsa umasintha.

Inu mbali yanu ndi iyi: mlangizi akafika, mupatseni madzi a m'chigubu chomwe banja likumwa, osati otunga kumene, ndipo muuzeni nthawi imene munathira mankhwala. Madzi akapanda kusintha mtundu, onani tsiku lothera ntchito pa botolo. Klorini amatha mphamvu padzuwa, choncho botolo lizikhala pamthunzi, lotseka, kutali ndi ana. Podikira botolo lina, wiritsani madzi mpaka abwadamuke.

Wina akayamba kutsekula m'mimba kwa madzimadzi, mumwetseni madzi a mchere ndi shuga a m'paketi, ndipo thamangirani naye kuchipatala.