Ndere Yomanga Mwala

Munthu woŵeta nsomba za m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi kunyumba kwake amadana ndi ndere yobiriŵira, koma ilipo ndere ina yofiirira imene amaiyembekezera ndi mtima wonse. Dzina lake ndi coralline. Ndere imeneyi siterera ayi. Imayamwa laimu wa m'madzi nkumuunjika m'thupi mwake, kotero kuti imakangamira pamwala ngati nkhanambo youma. M'nyanja zikuluzikulu ndiyo imamata matanthwe a korali kuti mafunde asaŵagumule.

M'thanki simera yokha. Mwini wake amaikamo mwala umene uli nayo kale, kapena amapala tizidutswa take nkutiwaza m'madzimo. Ikamakula imatha laimu, ndipo iye ayenera kubwezeramo wina, kaŵirikaŵiri podonthezera madzi a njereza pang'onopang'ono, kuti kashiamu akhale pafupifupi mamiligalamu 420 pa lita imodzi, monga alili m'nyanja mwenimweni.

Ambiri amalakwa podyetsa nsomba mopyola muyeso. Zotsala zikaola zimatulutsa fosifeti, amene amaletsa laimu kulimba, ndipo pamenepo ndere yobiriŵira ija imalanda malo. Madzi akasamalidwa bwino, timaŵanga tofiirira timayamba kuoneka patapita milungu ingapo, koma kuti miyala yonse ikutidwe pamapita miyezi yambiri.